Loko wa Pakasupe

Plovdiv, 6 Novembala 2016

Okondedwa Tate,

Muli bwanji kumapiriko? Mawondo aja akukulolanibe kutsikira kusitolo? Ine ndilipo. Mwamuna wanga Yasen alinso bwino, akungozungulira maiko ndi lole yake monga mwa masiku onse. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni paja mumangokuwa kuti "Ndani?" mpaka mudzi wonse umve, pamene nkhani iyi si yokuwa.

Ndili ndi pakati, Tate, mwezi wachisanu. Sindinakuuzeni msanga chifukwa mimba ziwiri zija zinandichoka nthawi ngati yomwe ino, ndipo ndinatopa kukuonani mukupala kabedi ka mwana kenako n'kukakabisa m'khola la mbuzi. Pepani kuti ndikukuuzani za azimayi. Amayi akanakhala moyo ndikanauza iwo, koma mwatsala ndinu.

Madokotala apeza chimene chimavuta. Khomo la chiberekero changa limatseguka lokha nthawi isanakwane, mwakachetechete, popanda n'kupweteka komwe. Lachitatu analisoka ndi ulusi wolimba, monga mumamangira kukamwa kwa thumba la nyemba. Asanasoke, dokotala wanga, mayi Peneva, analowetsa singano yaitali pamimba n'kutapako pang'ono madzi amene mwana akukhalamo. Akuti madziwo ndiwo amanena zoona. Mukapezeka tizilombo kapena zizindikiro za kutupa, ulusi sukhalitsa, mwana amabwera msanga. Akakhala oyera, chiyembekezo chilipo. Ndinawaona m'kabotolo, achikasu pang'ono ngati tiyi wosalowerera. Zotsatira zonse sizinatuluke.

Andigoneka miyendo m'mwamba, mutu m'munsi, ndiye masana ndimangosinza. Ndimalota nyumba yathu itadzaza madzi ofunda mpaka kudenga. Amayi ali pampando wawo akusenda mbatata, makoko akuyandama, mbuzi zikudutsa pawindo pang'onopang'ono zikupalasa miyendo. Palibe amene akumira. Ndimadzuka mtima uli m'malo, mpaka ndikumbukire kumene ndili.

Ndilembereni za kumudzi, ngakhale zopanda pake. Ndikuopa kwambiri, Tate.

Mwana wanu,
Zdravka


Kumudzi, 14 Novembala 2016

Zdravka mwana wanga,

Moni. Mawondo alipo, akungodandaula ngati eni ake. Kalata yako ndinaiwerenga chiimire, kenako ndinaibwereza nditakhala pansi.

Amayi ako aang'ono, Kera, anandipeza ndili choncho. Ukudziwa kuti chimwalirire mkulu wawo anadziika okha kukhala wapolisi wa nyumba ino. Analanda kalata, anawerenga, analira, kenako anandigwira khutu n'kukuwiramo.

"Alamu, gonthi inu, tamverani! Mwanayu ayenera kutsekeredwa loko!"

"Asokedwa kale," ndinatero.

"Kusoka n'kwa madokotala, kutseka n'kwathu. Agogo ake anatsekera theka la mudzi uno, inu muli pansi pa nthaka kuphulitsa miyala."

Akuti mkazi amene mimba zimamuchoka umamutengera kansalu kake, kukakoleka mu loko, n'kukatseka pa chitsulo cha pakasupe kuseri kwa tchalitchi. Popita ndi pobwera osalankhula ndi munthu. Ndinati zimenezo ndiye ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ananenanso zambiri, koma anali atatembenukira kuchitofu, ndipo ine milomo ya kumbuyo kwa mutu sinditha kuwerenga.

Zinthu zotere sindizikhulupirira, ukudziwa. Koma munthu ukakhala kutali manja amayabwa. Ndinatenga kansalu kobiriwira kamene unkamangira tsitsi uli kusukulu. Loko sindinagule wa kusitolo, aja amatseguka ndi supuni. Ndinatenga wamkulu uja wa pachitseko cha nyumba yosungira zophulitsira miyala, amene anatsalira m'thumba mwanga mgodi utatsekedwa. Ndinapita m'mawa, nkhungu ili thoo, kasupe akufuka nthunzi. Potseka sindinamve kulira kwake, ndinangomva m'dzanja kuti wagwira.

Za kufunsa madzi sizinandidabwitse. Ifenso mumgodi tinkawafunsa. Akamadontha oyera, gwira ntchito. Akayamba kubwera ndi matope, tola chipewa uzipita, osayamba wamaliza fodya.

Za kumudzi nazi: mbuzi yoyera yadya chikwangwani cha chisankho, ndipo wansembe wagula njinga yamoto imene akuiopa. Tsono madzi ako anena chiyani?

Tate wako,
Stoil


Plovdiv, 25 Novembala 2016

Okondedwa Tate,

Moni wa kuno. Ndaseka mpaka anamwino kundidzudzula. Inu, amene munkati makandulo a m'tchalitchi amangolemeretsa njuchi, mwakatseka loko pakasupe!

Madzi ayankha, koma ngati munthu wandale. Tizilombo mulibe. Chizindikiro chimodzi cha kutupa chakwera pang'ono, osati kwambiri. Mayi Peneva anati, "Madzi anu sakuti inde, sakuti ayi. Pitani kunyumba mukagone. Koma thupi likangotentha, kapena mimba ikayamba kuwawa, mubwere tsiku lomwelo. Tidzatapanso, ndipo tikadzapeza kuti aipa tidzadula ulusi, chifukwa pamenepo m'kati mumakhala moopsa kuposa kunja." Ndinavomera ndi mutu, koma mawu akuti kudula aja sindinawavomere.

Ndisanatuluke ndinawerengera kalata yanu mnzanga wa bedi loyandikana, Aysel, wa kumidzi ya ku Kardzhali. Sanaseke n'komwe. "Nanga n'chachilendo?" anatero. "Kwathunso apongozi ananditsekera. Kiyi ndi uyu, pansi pa pilo. Tsiku lochira, mchemwali, umatsegula zonse: loko, mawindo, makabati, ndi mabatani a malaya a bambo a mwana omwe. Wako kiyi ali kuti?"

Tsopano ndili kunyumba, pabedi la pawindo. Ndimaonera nkhunda ndi zovala za anthu pazingwe. Mwana wayamba kumenya mwamphamvu, makamaka basi ikamadutsa pansipa. Awiri aja sanafike pomenya chonchi.

Nditumizireni kiyiyo m'kalata, nanenso ndiike pansi pa pilo.

Zdravka


Kumudzi, 6 Disembala 2016

Zdravka mwana wanga,

Moni. Ndakondwa kuti akumenya. Amenye ndithu, iwenso unali wotero.

Kuno chipale chofewa choyamba chagwa, chochepa, chongoyeretsa madenga. Nkhuni ndawaza zokwanira. Nyemba chaka chino zachita bwino, ndakupatulira thumba, Yasen akadzadutsa adzatenge. Wansembe wagwa ndi njinga ija pafupi ndi mlatho, njinga ili bwino. Mbuzi yoyera ili ndi bere, ndiye muli awiri.

Dzulo ndinapita kukaona loko. Ali pompo, kansalu kaundana ndi chisanu. Ndinamugwedeza, sakusuntha.

Uzidya, usamangoonera nkhunda.

Tate wako,
Stoil


Kumudzi, 13 Disembala 2016

Zdravka mwanawe,

Ndine mayi ako aang'ono. Moni, uli bwanji, ukudya? Usadandaule ndi zimene ndilembe pano, munthu woyembekezera sayenera kudandaula. Koma ndikapanda kukuuza ndiphulika.

Ndinapita kwa bambo ako kukatenga kiyi kuti ndikusungire, poti iwo amataya ndi magalasi ali pamphuno. Anayamba kundionetsa nyemba. Ndinati nyemba ndikuzidziwa, kiyi ali kuti? Anati sakumva. Ndinawaimirira kutsogolo kuti aone pakamwa panga bwinobwino.

"Kiyi, alamu! Ki-yi!"

"Ndinataya."

"Mwataya bwanji?"

"Sindinataye mwangozi. Ndinakaponya m'dzenje la mgodi wakale, muja munadzaza madzi. Munati loko atsekedwe. Nanga chotseka n'kusunga kiyi ndiye chotseka chanji?"

Mwanawe, ndinangokhala pathumba la nyemba lomwelo. Dzenje limenelo ndi lakuya kuposa phiri lomwe! Ndinati, "Safunsa anadya phula, alamu. Ndinakuuzani kuti kiyi amasungidwa, tsiku lochira n'kukatsegula, apo ayi mwana asowa potulukira!" Iwo akuti, "Munauza chitofu." Taona munthu wake! Zaka zonsezi mkulu wanga ankapirira zimenezi.

Akudziwa kuti alakwa, n'chifukwa chake sanakuyankhe za kiyi. Ndafunsa azimayi akuluakulu onse, palibe amene anamvapo za mwamuna woponya kiyi mumgodi, ndiye mankhwala ake palibe akuwadziwa. Ndayatsa kandulo.

Usadandaule. Ndakulukira masokosi, mapazi asamazizidwe.

Mayi ako aang'ono,
Kera


Plovdiv, 2 Januwale 2017

Okondedwa Tate,

Chaka chabwino chatsopano. Ndachedwa kulemba, ndipo mwina mumayesa kuti ndakwiya chifukwa cha kiyi. Ayi. Amayi aang'ono atandiuza ndinalira, koma kunali kulira kwa mpumulo. Munachita bwino, Tate. Ndinu nokha amene munamva chimene ndikufuna. Ena onse akukamba za tsiku lotsegula, pamene ine moyo wanga wonse ndavutika ndi kutseguka.

Chiyambire pamenepo ndimalota kiyi uja. Akumira m'madzi obiriwira, pang'onopang'ono, akutembenuzika. Akudutsa njira zonse zimene munkagwiramo ntchito, nyale zikuyakabe m'makoma, ngolo zili phee panjanji. Safika pansi. Ndipo m'malotomo ndimadziwa kuti malinga akumirabe, mwana ali bwino. Tsiku lina ndinalota mwanayo atakulira m'kati momwemo, wamera mano, akuphunzira kuwerenga, ine ndikumuuza nkhani kudzera pamchombo. Sizinandiopse n'komwe.

Tsopano ndikuuzeni chinthu, koma chikhale cha awirife. Masiku angapo apitawa thupi likumatentha pang'ono, ndipo mimba ikuwawa ndikaikhudza. Ndikumwa mapiritsi, kachipangizo koyezera kutentha ndakabisa m'sokosi za amayi aang'ono. Yasen sakudziwa, wanyamuka dzulo ulendo wautali. Kwa mayi Peneva sindipita. Ndikapita atapa madzi, ndipo akawapeza oipa adula ulusi. Miyezi isanu ndi iwiri sinakwane bwino, Tate. Mwanayu ndi wamng'ono kwambiri. Tsiku lililonse limene akhala m'kati ndi lake, ndipo sindilola munthu kumulanda. Mwina ndi chimfine chabe.

Ndauza inu chifukwa ndinafuna kuuza munthu, ndipo inu muli kutali, foni simumva. Musauze amayi aang'ono. Musauze wina aliyense. Ndilonjezeni.

Kunja kukugwa chipale chachikulu, nkhunda zonse zabisala.

Zdravka


Kumudzi, 9 Januwale 2017

Zdravka,

Moni ndilibe lero. Kalata yako yagona kupositi kutauni sabata yathunthu chifukwa chipale chinatseka msewu. Yafika m'mawa uno pa thalakitala. Nditaona tsiku limene unalemba, ndinatola chipewa.

Sindinalonjeze, ndipo ndaulula. Ndikukuuza ndekha usanamve kwa wina. Ndinapita kwa Kera ndi kalata m'manja.

"Imbirani Yasen."

"Mwana wati tisauze munthu, alamu."

"Wauza ine. Imbani."

Foni yawo imagwira kumanda kokha, pamwamba paja. Tinakwera chipale chikufika m'mawondo, iwo akulira uku akunditukwana, ine ndikuwakoka. Anaimba ataima pafupi ndi mtanda wa mayi ako. Ndinayang'ana pakamwa pawo mpaka ndinaona kuti anena zonse, za kutentha, za mapiritsi, za sokosi. Yasen akuti akuitana ambulansi pompo, ndipo akutembenuza lole.

Kuchokera kumanda ndinatenga macheka odulira zitsulo n'kupita kukasupe. Loko uja anali wabwino, mwatsoka. Macheka awiri anatha mano, dzuwa linapendeka ndikuchekabe, zala sindinkazimva. Wansembe anabwera kudzandigwirira chitsulo osafunsa kanthu. Tsopano loko ali patebulo pano, wotseguka. Sindinadule chifukwa chokhulupirira kuti chitsulo chimagwira mwana. Ndadula kuti usakhalenso ndi pobisala.

Unati ndinamva chimene ukufuna. Sindinamve kanthu, ndinangopusa, ndipo kupusa kwanga iwe wakusandutsa pilo. Pakadafunda padajiwitsa galu, mwana wanga. Madzi akabwera ndi matope suyembekeza kuti mwina ayera mawa. Ndinaona anthu amene anayembekeza.

Unasankha ine poti ndili kutali ndipo ndine gonthi. Koma maso ndili nawo, ndinawerenga. Mdzukuluyo ndikumufuna, Mulungu akudziwa. Koma iwe ukusunga mwana wako, inenso ndikusunga wanga. Udane nane ngati ukufuna, bola udane nane uli moyo.

Tate wako,
Stoil


Kumudzi, 23 Januwale 2017

Zdravka mwana wanga,

Moni. Sindikudziwa ngati kalata yanga inafika, kapena inafika n'kung'ambidwa. Kera amakwera kumanda tsiku lililonse kukaimba. Yasen anangoyankha kamodzi, akuti, "Zdravka ali moyo, ali m'chipatala. Zina wandiletsa, adzanena yekha." Za mwana sananene, ndipo Kera anaopa kufunsa.

Msewu watseguka. Kawiri konse ndavala jekete kuti ndikakwere basi, kawiri konse ndabwerera pachipata. Sindikudziwa ngati ungandilole kulowa.

Nthawi ziwiri zija unakhalanso chete chonchi, ndiye ndikuganiza zoipa. Ngati ndi choncho, ndiye kuti ndine ndinatsegula, ndipo ndisenza. Ingondilembera mzere umodzi, ngakhale wonditukwana.

Tate wako


Plovdiv, 3 Febuluwale 2017

Tate,

Makalata anu onse awiri anafika. Yoyamba ndinaiponya pansi pa bedi, anamwino anaitola posesa.

A ambulansi anabwera masana a tsiku lomwe munaimbira Yasen lija, mayi woyandikana nafe ndiye anawatsegulira. Ndinawakalipira, ndinagwira chitsulo cha bedi, ndinati ndilibe vuto. Mmodzi anangondigwira pachipumi n'kuyang'ana mnzake. Kuchipatala mayi Peneva sanandidzudzule, bola akanatero. Analowetsa singano, ine n'kutembenuza mutu kuti ndione kabotolo. Madzi sanalinso ngati tiyi uja, Tate. Anali ambuu, ngati otsukira mpunga. Sindinafunikire wondimasulira.

Ulusi anaudula kamodzi kokha. Ndinauona m'kambale, kanthu kochepa, miyezi iwiri yonse ya moyo wanga. Mwana anabadwa tsiku lomwelo. Ndi wamkazi. Sanalire. Ndinangoona kaphazi kofiira asanathamange naye. Pambuyo pake mayi Peneva anandiuza kuti, "Mukanachedwa masiku ena awiri, bwenzi ndikulankhula ndi amuna anu okha."

Ndinadwala sabata yonse, mwana nayenso anabadwa ndi matenda a m'madzi aja, makina ndiwo ankamupumira. Sindinalembe chifukwa sindinkadziwa choti ndilembe, kuti muli ndi mdzukulu kapena kuti munali naye. Komanso ndinkadana nanu, ndisaname. Ndikamuona ndi timachubu tonse tija ndinkati ndi inu mwamutulutsa. Tsiku lina ndinadziuza kuti sabata imene ndinabisa ija ndi imene inamudwalitsa, ndipo pamenepo ndinasowa womuda. Zimenezo zinali zowawa kuposa.

Dzulo amuchotsa chubu cha pakhosi. Akupuma yekha. Wamwa mkaka wanga, madontho ochepa, n'kukwinya nkhope ngati munthu amene wapatsidwa ndalama zosakwana. Madokotala akuti ulendo ukadali wautali, salonjeza kanthu, koma asiya kunong'ona akamadutsa pa iye. Dzina lake ndi Neda. Kulemera kwake sikuposa buledi wamkulu.

Maloto aja anatha. Masiku ano ndimagona ngati mwala.

Sindikudziwa ngati ndakukhululukirani, kapena ngati ndi ine woyenera kupepesa. Zimenezo tidzakambirana, ndidzakuimirirani kutsogolo kuti muone pakamwa panga. Bwerani Lachisanu la sabata yamawa, Yasen adzakudikirani pa basi. Muwenge zikhadabo, ndipo adzakusambitsani m'manja mpaka m'zigongono, musakangane nawo. Neda amagona m'kabokosi kagalasi kofunda, sitingamunyamule. M'mbali mwake muli kabowo kolowetsapo dzanja limodzi lokha. Ndafunsa anamwino ngati dzanja la munthu wa mumgodi lingakwanepo. Akuti likwana.

Mwana wanu,
Zdravka